Ndege ili ndi denti kapena yamatidwa tepi: amadziwa bwanji kuti ikhoza kuuluka?

Pakangopita miyezi ingapo chithunzi chija chimabweranso m'magulupu a WhatsApp. Munthu wavala jekete yowala, wakwera pamakwerero, akumata tepi pa phiko la ndege, anthu ali m'kati akumuonera pawindo. Zimene anthu amalemba pansi pake mukuzidziwa kale, wina akuti "tafika pomata ndege ngati katoni eti", wina akuti ine bola basi olo itenge masiku awiri.

Amene anakwerako tindege ting'onoting'ono, monga timene timapita ku Likoma kapena ku Mfuwe, nde funsoli limawafika pamtima kwambiri, chifukwa mu kandege ka anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi umakhala pafupi ndi chilichonse. Umaona penti yosupuka, umaona kadenti pa phiko, umaona kuti kapulasitiki ka kumapeto kwa phiko kang'aluka, koma payiloti wangozungulira, wagwiragwira, nkumati tiyeni tikwere. Ndiye amayeza ndi chani?

Chimene chimasokoneza ndi choti maso athu amaopa malo olakwika. Denti yaikulu ngati chikhatho penapake siikhala nkhani, pomwe kabala kochepa ngati njere ya mpunga pamalo ena kakhoza kugoneka ndege mpaka injiniya abwere. Kukula kwa bala sikumene amayamba kufunsa. Amafunsa kuti lili pati, pamenepo pamadutsa mphamvu yochuluka bwanji, kuseri kwake kuli chani, komanso buku la amene anapanga ndegeyo likuti chani.

Kukhala "bwino" kwa ndege kuli ndi miyendo iwiri

Mawu amene a zandege amagwiritsa ntchito ndi airworthy, kutanthauza kuti ndegeyo ndi yoyenera kuuluka. Kuti itchedwe choncho pamafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ikhale monga mmene inavomerezedwera, kaya ndi mmene inachokera kufakitale kapena ndi zosintha zimene zinaloledwa mwalamulo. Chachiwiri, ikhale mumkhalidwe woti ikhoza kuuluka popanda chiopsezo. Mwendo umodzi ukathyoka ndiye kuti basi. Ndege ikhoza kuuluka bwinobwino koma nkukhala yosayenera mwalamulo chifukwa wina anaikamo chitsulo chosavomerezeka, ikhozanso kukhala ndi mapepala onse koma dzulo inagunda chulu.

Mayiko anagwirizana zimenezi kuyambira pa pangano la ku Chicago la 1944, limene linabala ICAO, bungwe la mayiko loona za ndege, lomwe likulu lake lili ku Montreal. Dziko lililonse limapereka satifiketi yake kwa ndege zolembetsedwa kwawo, za ku Malawi nambala yake imayamba ndi 7Q, za ku Zambia 9J. Satifiketiyo ili ngati COF ya galimoto, ndipo tonse tikudziwa kuti COF yomata pagalasi siiletsa tayala kutha. Kusiyana kwake ndi koti ku ndege lamulo limamugwira payiloti pa ulendo uliwonse. Malamulo a ku America mwachitsanzo, pa ndime imene amaitcha 91.7, amanena poyera kuti woyendetsa ndi amene ali ndi udindo woona ngati ndege ili bwino, ndipo akaona vuto ali m'mwamba akuyenera kuudula ulendowo. Nditchula za ku America kangapo chifukwa tindege tambiri timene timaona kuno ndi ta kumeneko, Cessna ndi ya ku Wichita, ma injini a Lycoming ndi a ku Pennsylvania, ndiye mabuku ake ndi malangizo ake amachokera komweko olo kandegeko katakhala pa Chileka.

Khungu la ndege si chovala

Pa galimoto mukhoza kuchotsa boneti ndi mabampa onse nkumayendabe. Ndege yaing'ono yachitsulo siili choncho. Titenge Cessna 172, imene anayamba kuigulitsa mu 1956 ndipo apanga zoposa 44,000, palibe ndege ina imene inapangidwa yochuluka kuposa imeneyi. Khungu lake ndi aluminiyamu wopyapyala, malo ambiri sakwana milimita imodzi, mukhoza kumudina ndi chala nkuona akulowa. M'kati mwa phiko muli mtanda waukulu woyenda kuchoka pathupi mpaka kumapeto, umene amautcha spar, ndiye pali nthiti zopingasa, khungu nkukhomeredwa pamwamba ndi mariveti. Khungulo limanyamula nawo katundu, makamaka mphamvu yofuna kupotokola phiko. Chitini cha Fanta chopanda kanthu chimapirira kulemera kodabwitsa chikakhala choongoka, koma mungochitosa pambali chimafwanyika nthawi yomweyo, nkhani yake ndi yomweyo.

Nanga malire ake ndi otani? Kandege ngati aka kakadzaza kamalemera pafupifupi makilogalamu 1,100. Malamulo opangira ndege za mtundu umenewu amafuna kuti mapiko apirire kulemera kumeneko kuchulukitsa ka 3.8 osapindika, ndiye kuti makilogalamu oposa 4,000, kenako pamwamba pake pakhale chitetezo china, kuchulukitsanso ka 1.5, chisanathyoke chilichonse. Zikumveka zambiri koma 1.5 ndi wochepa kwambiri, opanga ndege sangaunjike zitsulo ngati omanga mlatho chifukwa ndege yolemera siinyamuka. Chitetezo chimenechi anachisiyira mphepo yoipa ndi zolakwitsa za payiloti, sanachisiyire madenti. Bala lililonse pamalo onyamula katundu likudya ndalama za mu akaunti imene ndi yochepa kale, ndipo vuto ndi loti pa tsiku la bata simungadziwe kuti mwatsala zingati.

Ndiye buku la okonza la Cessna limagawa kuonongeka patatu: kosadetsa nkhawa, kofunika kukonza, ndi kofunika kusintha chitsulo chonse. Denti yosalala pakhungu, yopanda mng'alu, yopanda ngodya yakuthwa, imene sikukhudza nthiti kapena mtanda, ikhoza kulowa m'gulu loyambalo. N'chifukwa chake mumaona ndege yomenyedwa ndi matalala, thupi lonse tizigodi, ikuulukabe zaka ndi zaka itayezedwa. Koma bukulo likafika pa mtanda wa phiko chilankhulo chimasintha, limanena kuti pamenepa ndi zochepa kwambiri zimene zingatengedwe ngati zosadetsa nkhawa. Chimodzimodzi mzati uja wochirikiza phiko kuchokera pansi pa thupi, ukapindika sauwongola ayi, amaika wina.

Palinso nkhani ya mpweya. Kutsogolo kwa phiko ndi kumene mpweya umagawikana, ndipo pamenepo sipafuna nthabwala. Akatswiri a FAA, bungwe loyang'anira zandege ku America, amachenjeza kuti chisanu choundana pa phiko, chokhakhala ngati sandipepa basi, chikhoza kuchepetsa mphamvu yonyamula ndi 30 peresenti. Denti ya mbalame imene yagunda kutsogolo kwa phiko limodzi ikhoza osamveka konse ndege ikuthamanga, nkudzaonekera potera pomwe liwiro lachepa, phiko lovulalalo nkuyamba kutaya mphamvu linzake lisanatero, ndege nkupendeka pansi pali pafupi.

Kabala ka pa pulopela

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene mabwalo athu afumbi amalumira. Taganizani m'mawa pa bwalo lamiyala, kandege kanatera dzulo madzulo. Payiloti waonetsetsa kaye kuti masiwichi a injini ndi ozimitsa, kenako akuyendetsa chala pang'onopang'ono m'mphepete mwa mpeni wa pulopela, kuchokera pakati kupita kunsonga. Sakudalira maso okha, akumvetsera ndi chikhadabo. Malo ambiri ndi okhakhala ngati akwechedwa ndi mchenga, zimenezo n'zachizolowezi. Kenako chikhadabo chakodwa. Kamwala kanadumpha pamene ankaonjezera moto ponyamuka, kasiya kabala kooneka ngati V, kakuya mwina milimita imodzi kapena iwiri.

Munthu wamba anganene kuti aaa, zimenezo nde muimitsire ulendo? Tiyeni tiwerengere. Pulopela ya Cessna 172 ndi yotalika pafupifupi masentimita 190 ndipo ikafika pamapeto imazungulira ka 2,700 pa mphindi, ndiye kuti ka 45 pa sekondi. Nsonga yake ikuthamanga pafupifupi makilomita 970 pa ola, kuyandikira liwiro la phokoso. Mphamvu imene ikukoka mpeni uliwonse kufuna kuuzula pakati imafika matani oposa khumi, komanso nthawi iliyonse imene mafuta aphulika mu silinda ya injini mpeniwo umapindika pang'ono nkubwerera, kambirimbiri pa sekondi.

Amene tinapangako magalimoto amawaya tikudziwa mmene unkadulira waya ukasowa pulayala. Umapinda uku, kupinda uko, mpaka watentha, waduka. Ndipo ukafuna aduke msanga pamalo amene ukufuna, umayamba wamutema pang'ono ndi mwala. Kumeneko ndiye kutopa kwa chitsulo, ndipo kutema kuja ndi ntchito imene kamwala kagwira pa pulopela. Mphamvu yonse imene imayenera kuyenda mofanana imaunjikana pansi pa V paja, mng'alu nkuyamba, wosaoneka, nkumakula pang'onopang'ono ulendo uliwonse. Tsiku limene nsonga idzaduke, pulopela imakhala yolemera mbali imodzi ikuzungulira ka 45 pa sekondi, kunjenjemera kwake kukhoza kuthyola zomangira injini m'masekondi ochepa, ndipo injini ikachoka kutsogolo ndege imalemera kumbuyo moti singawongoleredwenso.

Mankhwala ake si ovuta. Injiniya amatenga tupa, nkupala mozungulira balalo mpaka ngodya yakuthwa yatha, pasanduka kachigwa kosalala kotambalala, nkusalaza, nkuyang'ana ndi galasi lokulitsa kapena kupaka mankhwala ofiira amene amalowa mu mng'alu nkuuonetsa. Ntchito ya mphindi zochepa. Koma pali malire a chitsulo chimene angapale, ali m'buku la opanga pulopelayo, akapitirira ndiye kuti ipite ku shopu ya mapulopela kapena itayidwe. Ndipo pa malamulo a ku America ntchito imeneyi siili pa mndandanda wa tintchito timene payiloti amaloledwa kudzichitira yekha monga kusintha oyilo kapena tayala. Zooneka zophweka chonchi, tupa akuyenera kugwira ndi munthu wa laisensi.

Pulopela ikagunda pansi

Iyi nde imawawitsa eni ndege mutu. Tayala lakutsogolo lalowa m'dzenje, pulopela yakhudza dothi, nsonga zapindika pang'ono kapena mwina sizikuoneka kupindika nkomwe. Maganizo oyamba a munthu aliyense ndi oti tisinthe pulopela tizipita. Opanga injini amakana. Lycoming mu chikalata chawo nambala 533 amati ngakhale injini itakhala yozimitsa, ngati pulopela yagundidwa moti ikufunika kukonza koposa kungopala pang'ono, imeneyo ndi prop strike, kugunda kwa pulopela kofuna kuti injini nayonso iyezedwe. Olo kungodutsa mu udzu wautali kapena m'madzi mpaka injini kutsika liwiro mwadzidzidzi, nayonso amaiwerengera momwemo, ngakhale pulopela ili yosalala bwino. Mu 2004 FAA inatulutsa lamulo lokakamiza kuti pa injini zambiri za Lycoming zikatere ayang'ane giya ya kumbuyo kwa kiranki ndi kusintha bawuti yake, ndipo a Continental, kampani ina yopanga ma injini, nawo amafuna injini imasulidwe yonse.

Chifukwa chake n'choti pulopela imamangidwa pa kiranki penipeni. Kugunda kuja kumalowa m'kati ngati mmene nyundo imabwezera m'dzanja ukamenya mwala. Kiranki ikhoza kukhala ndi mng'alu koma ili yoongoka bwinobwino, injini nkumalira mokoma maola 50, 100, kenako nkuzima pamwamba pa nyanja. Kumasula injini ndi ndalama zambiri zedi, ndipo apa ndi pamene mayesero amabwera, makamaka ngati palibe anaona.

Zowongolera ndi kunjenjemera

Mukayang'anitsitsa tizitseko ta kumbuyo kwa phiko la Cessna, timene timakwera ndi kutsika kuti ndege ikhote, muona kuti khungu lake lili ndi mizere ngati malata. Cholinga ndi chomwecho cha malata a nyumba, chitsulo chopyapyala chikhale cholimba popanda kulemera. Tizitsekoti, pamodzi ndi ta kumchira, amatiyeza sikelo mosamala, kutsogolo kwake kumakhala timiyala ta mtovu tobisika kuti kulemera kukhale pamalo ake. Sikeloyo ikasokonekera pamabwera chinthu chotchedwa flutter, kukupiza kodzichulukitsa kokha, ngati lata lomasuka padenga mphepo ya mkuntho ikamaomba, likuyamba pang'ono kenako lazuka. M'mwamba zimatenga masekondi.

Ndiye zimene opanobita galimoto amachita, kuthira fila pa denti nkupenta, pa tizitseko timeneti n'zoletsedwa kuchita mwachisawawa. Olo penti yokha, ukapenta kachiwiri uyenera kuyezanso sikelo. Ndege za Beechcraft Bonanza za mchira wa V zimadziwika kwambiri pa nkhani imeneyi, malire ake ndi opapatiza moti penti yochuluka pang'ono imatha kuzitulutsa kunja kwa muyeso.

Zimene zili kuseri

Injiniya wodziwa ntchito akaona bala amafunsa kuti mphamvu imene inapanga balali inakathera kuti. Pokankha ndege kulowetsa mu shedi nsonga ya phiko yagunda chipupa, kapulasitiki kang'aluka, zooneka zazing'ono, achingerezi mpaka anazipatsa dzina lachibwana loti hangar rash ngati ndi tizilonda tapakhungu. Koma phiko ndi lalitali mamita angapo, ndiye lili ngati mgwala wotembenuzira mwala, kukankha pang'ono kunsonga kumakhala mphamvu yaikulu kumene phiko lagwirana ndi thupi. Choncho amasiya kapulasitiko nkupita kukatsegula tizivindikiro ta pafupi ndi thupi, tochi ndi kagalasi m'manja, kuyang'ana mtanda wakumbuyo. Amayang'ananso makwinya oyenda mopingasa pakhungu, ndi mariveti amene azunguliridwa ndi kautsi kakuda, chizindikiro choti akugwedera ndipo akupera aluminiyamu.

Kutera moipa nakonso. Cessna 182 imadziwika kuti ikatera ndi tayala lakutsogolo poyamba, khoma lachitsulo limene lili pakati pa injini ndi anthu limachita makwinya m'munsi. Panja palibe chooneka, tayala lili bwino, koma mwendo wakutsogolo umamangidwa pa khoma lomwelo. Wophunzira amene wadumphitsa ndege katatu nkungoiimika phee osauza munthu wasiyira mnzake wa mawa msampha.

Ndege zatsopano monga Cirrus ndi Diamond si zachitsulo, ndi za ulusi womatidwa ndi guluu wolimba. Zimenezi sizichita denti, zimabwerera m'malo ngati palibe chachitika pomwe m'kati magawo alekana. Njira imodzi yoyezera ndi yomwe amayi amachita pogula mbiya pamsika, kugogoda nkumvetsera. Injiniya amagogoda ndi kandalama kapena kanyundo kakang'ono, pabwino pamalira ngwee, povulala pamamveka phu phu.

Ndipo pali zina zoti maso, chala, ngakhale kandalama sizingapeze. Pa 4 Epulo 2018 ku Daytona Beach ku Florida, ndege yophunzitsira ya Piper Arrow inathothoka phiko lakumanzere itangonyamuka, wophunzira ndi womuyesa mayeso anafera pomwepo. Ofufuza anapeza ming'alu ya kutopa kwa chitsulo pa mabowo a mabawuti a mtanda wa phiko, malo obisika oti poyendera ndege m'mawa sungawaone. Zitatero FAA inalamula kuti ndege zambiri za mtunduwu zimene zagwira ntchito yolemetsa aziyeze ndi makina amagetsi ozindikira ming'alu ya m'kati.

Nanga tepi ija?

Si selotepi ya ku golosale. Dzina lake ndi speed tape, ndi aluminiyamu weniweni wopyapyala wokhala ndi guluu wopirira mphepo, kutentha ndi kuzizira, ndipo mpukutu umodzi ndi wodula kwambiri. Ntchito yake ndi kutseka ndi kusalaza, monga kuphimba pamene penti yasupuka kuti dzuwa lisaononge za pansi, kugwira kachivindikiro kosanyamula katundu kuti mphepo isakakanganule, kuteteza guluu amene sanaume. Siinyamula katundu wa phiko ndipo palibe buku limene limalola kuti izitero. Ikamatidwa zimalembedwa, ndi malire a maola kapena maulendo, ndipo imayenderedwa mpaka akonze zenizeni.

Chodabwitsa n'choti tepi imene inaphapo anthu inali yooneka yosalakwa. Pa 2 Okutobala 1996 ndege ya Aeroperú, Boeing 757, inanyamuka usiku ku Lima tibowo tating'ono ta m'mbali mwa thupi tili tomata ndi tepi imene anaika poyeretsa ndege nkuiwala kuchotsa. Tibowo timeneto ndi timene timauza mawotchi kutalika ndi liwiro. Oyendetsa anasokonezeka ndi manambala abodza mumdima pamwamba pa nyanja, anthu onse 70 anafa. Tindege tating'ono tilinso ndi tibowo tomweto, n'chifukwa chake mumaona payiloti akusuzumira kabowo kochepa ngati ka singano m'malo modandaula ndi penti imene inuyo mukuiona.

Chigamba chachitsulo nachonso chikhoza kukhala chabwino kapena chobisa matenda. Mng'alu waung'ono pamalo osanyamula katundu amatha kuuboola kabowo kumapeto kwake kuti usapitirire, bukulo likalola. Koma taonani za Chalk's Ocean Airways. Pa 19 Disembala 2005 ndege yawo yotera pamadzi ya Grumman Mallard, yopangidwa mu 1947, inaduka phiko lakumanja itangonyamuka ku Miami, anthu 20 anafa. Phikolo linkadontha mafuta mobwerezabwereza, iwo ankangomata, khungu litang'aluka anaikapo zigamba, osafufuza kuti n'chifukwa chani malo omwewo akungovutabe. Pansi pake zitsulo zochirikiza zinali zitang'aluka kale. Kudontha kuja kunali kulira kwa phiko.

Amagamula ndani?

Pali anthu awiri ndi mabuku awiri. Payiloti ali ndi mphamvu yokana, nthawi ina iliyonse, olo injiniya atasayina, olo bwana atakwiya. Koma mphamvu yonena kuti bala ili lili m'malire ndi ya injiniya wa laisensi, amene amayeza kuya ndi kutambalala kwake, kuyerekeza ndi buku la opanga, nkulemba mu logibuku zimene wapeza ndi tsamba limene watsatira, kenako kusayina. Bukulo likakhala chete pa bala la mtundu umenewo safunsa mtima wake, amatumiza zithunzi ndi miyeso kwa opanga ndege kuti ayankhe. Makampani ena amasunga chojambula cha ndege chokhala ndi madenti onse ndi manambala ake, kuti payiloti akaona denti adziwe ngati ndi yakale yoyezedwa kapena ndi ya usiku wathawu.

Anthu ambiri amasokoneza zimenezi ndi MEL, umene ndi mndandanda wa zipangizo zoti zikhoza kukhala zakufa ndege nkuulukabe kwa masiku owerengeka, zina 3, zina 10, zina mpaka 120, monga nyale yoterera ngati ulendo ndi wamasana. MEL imakamba za zipangizo, siikamba za phiko lopindika.

Pali mtsutso umene oyendetsa tindege tawo amakhala nawo nthawi zonse. Ena amati ngati lamulo landipatsa udindo woona kuti ndege ili bwino, ndiye kuti landipatsanso nzeru zosiyanitsa kukalika kwa penti ndi bala lenileni, apo ayi ndege iliyonse ya zaka 40 ingakhale pansi chifukwa palibe yopanda chipsera, komanso kuitanitsa injiniya ku bwalo lakutchire chifukwa cha kapulasitiki ndi kuononga ndalama. Ena amati payiloti anaphunzira kuyendetsa, sanaphunzire zitsulo, ndipo munthu amene akufuna kukagona kwawo ndi woweruza woipa pa mlandu umenewu, akaonjezanso kuti a inshulansi akapeza kuti unanyamuka ndi bala losalembedwa akhoza kukana kulipira. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo pakati pake masiku ano pali foni: kujambula balalo ndi rula kapena kandalama pambali, kutumiza kwa injiniya, iye nkunena ngati akufunika kubwera. Chithunzi sichilowa m'malo mwa siginecha, koma chimathandiza kudziwa kuti nkhaniyo ndi ya gulu liti. Pa ndege zonyamula anthu olipira mtsutsowu ndi wochepa, malamulo a kampani amakhala atanena kale kuti bala latsopano lililonse lilembedwe ndipo lionedwe.

Nanga ndege ikavulala kumalo koti kulibe shedi kapena zida? Pali chilolezo chapadera chimene amachitcha ferry permit, chochokera ku bungwe loyang'anira zandege m'dzikomo. Injiniya amayang'ana nkusayina kuti ngakhale siili airworthy ikhoza kupirira ulendo umodzi wopita kokakonzedwa, ndipo chilolezocho chimabwera ndi zingwe zake, kawirikawiri masana okha, nyengo yabwino, njira yodziwika, opanda pasenja. Zikakanika pamenepo amamasula mapiko nkuikweza pa lole.

Inuyo pasenja mukaona chinthu

Pa 28 Epulo 1988 ndege ya Aloha Airlines ku Hawaii, Boeing 737 imene inali itanyamuka ndi kutera pafupifupi ka 90,000, inakanganuka denga la kutsogolo ili m'mwamba. Wogwira ntchito m'ndege mmodzi, Clarabelle Lansing, anaulutsidwa ndi mphepo, ena onse anapulumuka chifukwa oyendetsa anakwanitsa kutera ku Maui. Pofufuza, pasenja wina anauza akuluakulu kuti pokwera anaona mng'alu pafupi ndi chitseko koma sananene kwa aliyense. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo manyazi ake ndi omveka, umaopa kuoneka wotsalira pamaso pa anthu a mayunifolomu.

Mu kandege kakang'ono n'zosavuta chifukwa payiloti ndi yemweyo amene wakunyamulirani chikwama. Mukhoza kungoloza nkufunsa kuti "akulu, apa mwaonapo?" Nthawi zambiri yankho limakhala loti inde, ndi yakale, inayezedwa, ndipo ena amatsegula logibuku nkukuonetsani mzere wake ndi deti. Zimene zikuyenera kukudetsani nkhawa kuposa penti ndi madenti osalala ndi izi, mafuta kapena oyilo amene akudontha osati kungodetsa, mng'alu pachitsulo makamaka woyenda kuchoka pa riveti kupita pa inzake, makwinya pafupi ndi pogwirana phiko ndi thupi, nsonga ya pulopela yopindika kapena yokhala ndi dothi ndi udzu, tayala looneka ulusi, magazi ndi nthenga pa phiko. Akaima nkuyang'anitsitsa, nkutulutsa foni kuyamba kujambula, dziwani kuti denti imeneyo mu logibuku mulibe, ndipo mukhala pa bwalopo mpaka injiniya ayankhe.